Neusa Anakana Kutsegula Foni ya a Bernardete

Mualadzi, Chifunde
Nyengo yokolola

Okondedwa achimwene a Baxter,

Landirani moni wochokera kwa ine mlongo wanu Albina. Muli bwanji kumeneko ku Katete? Alamu anga a Joaquina ali bwanji, bondo lija linasiya kutupa? Nanga adzukulu akukula bwino?

Kuno tilipo. Bambo a Neusa chifuwa chinawavuta nthawi ya dzinja, koma tsopano akupita kumunda. Chimanga cha kudambo chachita bwino, cha kumtunda mbozi zinachilowa.

Mudabwa kuona kalata m'malo mwa foni. Ndakuimbirani kangapo, simukuyankha. A Jester, aja amayendetsa lole ya soya kudutsa pachipata cha malire cha Cassacatiza, andiuza kuti munalumbira kuti simudzalankhulanso pafoni ndi nyumba imene muli wapolisi womvetsera mawu a anthu. Ndiye ndabwerera kupepala, monga tinkachitira titangobwera kumene kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Ukwimi. A Jester omwewo akupatsani m'manja.

Ndikudziwa kuti mwana wanu Goodwell ali kumeneko. Palibe wandiuza, koma mwana akathawa sapita kwina. Mwamva nkhaniyi kuchokera pakamwa pa munthu wamantha. Tsopano imveninso kuchokera kwa ine, kuyambira pamene inayambira.

Mwana wanga Neusa atalowa upolisi inu simunakondwe. Munati monga malume ake simunafunsidwe. Sindinakutsutseni, chifukwa nanenso mtima sunakhale pansi.

Chaka chatha akuluakulu ake ku Tete anamusankha kuti achite maphunziro apadera, amene kuno timati kurusu. Ndinamufunsa kuti ndi a chiyani. Anati, "Amayi, munthu akafufuta uthenga kapena chithunzi m'foni kapena m'kompyuta, sichitheratu. Chimasiya mapazi ngati mbuzi yodutsa pamatope. Ntchito yanga ndi kutsata mapaziwo osawapondapo."

Anatinso kudziwa kokha sikukwanira. Kuti woweruza akhulupirire zimene wapeza, pamafunika setifikadu yosonyeza kuti akatswiri anamuyesa ndipo anakhoza. Popanda pepala limenelo, woimira wolakwa akhoza kungofunsa kuti ameneyu ndani, mlandu n'kugwa.

Maphunziro ake anali otere: aphunzitsi ake akutali ankamutumizira zam'kati mwa kompyuta yongopeka, atabisamo zinthu dala. Iye ankazifunafuna, n'kulemba njira yonse imene wayenda pozipeza. Iwo ankamubwezera ndi mafunso, iye n'kuyambiranso. Anachita zimenezi miyezi yambiri.

Chimanga chitayamba ngaiyaye anapatsidwa tchuthi, ndipo anabwera kuno kudzakonzekera mayeso otsiriza. Mukudziwa kuti pakhomo pathu foni sigwira bwino. Choncho m'mawa uliwonse ankakwera pachulu cha kumapeto kwa munda wathu, n'kukhala pamenepo ndi kompyuta pamiyendo mpaka dzuwa kumutentha.

Anthu opita kumunda ankamuona. Sipanapite nthawi, mphekesera inafalikira yakuti mwana wa Albina watumidwa ndi boma kudzamvetsera mafoni a pa Mualadzi.

Ndikafika kuchigayo, amayi ankadula nkhani. Pamsonkhano wa amayi kutchalitchi, ndikangolowa, mafoni onse ankalowa m'makapulana, zitenje zathu zija. Bambo wina ndinamuona ndi maso angawa akuchotsa batire m'foni asanadutse pakhomo pathu.

Chimene chinandipweteka ndi cha a Generosa, aja tinagona nawo tenti imodzi ku Ukwimi. Anandikokera pambali n'kundifunsa monong'ona ngati mwana wanga akulemba mayina. Anafunsa ine zimenezo, achimwene, ine amene bambo athu anatengedwa nthawi ya nkhondo chifukwa wina anakapereka dzina lawo.

Koma ndisabise, nanenso chikayiko chinandilowa. Tsiku lina Neusa anasiya kompyuta yotsegula patebulo, ine n'kusuzumira. Ndinaona nkhope za anthu, mayina ndi manambala. Nditamufunsa anaseka, nati ndi anthu ongopeka a m'mayeso, palibe wamoyo pakati pawo. Ndinavomera ndi mutu, koma kuyambira pamenepo ndikafuna kukuimbirani ndinkapita kuseri kwa nkhokwe.

Amene sankamuopa ndi Goodwell yekha. Chibwerere kuno zaka ziwiri zapitazo, benchi yake yokonzera ndi kutchajira mafoni pamsika inkayenda bwino. Madzulo akabwera kunyumba ankaseleulana ndi Neusa monga asuweni amachitira. Iye ankati mkazi wanga wapolisi wadya kodi, Neusa n'kumati tsiku lina ndidzakumanga chifukwa chopha mafoni a anthu.

Kenaka kunasowa Shyreen.

Mwina simukumudziwa. Ndi mwana wa a Bernardete, anansi athu a kutsidya kwa msewu, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anachoka m'mawa kuti akupita kuchigayo. Thumba la chimanga linapezeka pakhomo pa chigayo, mwini wake kulibe.

Anthu anamufuna kumadambo, kwa achibale ku Nsadzo, mpaka kumsika wa ku Chifunde. A Adelino, aja amagula chimanga ndi soya, amenenso anapereka malata a tchalitchi chathu chaching'ono, anabwereketsa lole yawo kuti inyamule ofunafuna. Palibe chimene chinapezeka.

Shyreen analibe foni yake, ankagwiritsa ya amayi ake. A Bernardete atayang'anamo anapeza mauthenga onse afufutidwa. Wina ananena kuti mtsikanayu ankaonedwa kawirikawiri pabenchi ya Goodwell. N'zoona ankapitapo, kukatchaja foniyo, ngati aliyense. Koma mawuwo atangotuluka, anakhala ngati moto wolowa m'thengo louma.

Masana a tsiku lotsatira a Bernardete anafika pakhomo pathu ndi mlongo wawo Noah, ndi gulu la anthu pambuyo. Anaika foni pamphasa patsogolo pa Neusa, nati, "Tamva kuti umadzutsa mawu akufa. Dzutsa awa. Ndiuze amene watenga mwana wanga."

Neusa sanaigwire. Anayamba wafunsa kuti ndi anthu angati aitsegula chisowereni mwanayo. Kenaka anati sangaitsegule pano.

Anafotokoza modekha kuti akaitsegula popanda chilolezo cha bwalo la milandu, popandanso zipangizo zoyenera, akhoza kufafaniza mapazi omwe akufunidwawo. Ndipo ngakhale atapeza dzina, woweruza adzalitaya, wolakwayo n'kutuluka akuseka. Anatinso iye setifikadu sanalandire, ndiye mawu ake pabwalo alibe kulemera.

A Bernardete anagwada pansi, munthu wamkulu kugwadira mwana amene anamubereka kumsana ali khanda. Ine mtima unandisweka. Ndinati Neusa, tsegula, zamalamulo tidzaona pambuyo.

Anandiyang'ana nati, "Amayi, musandipemphe zimenezo pamaso pa anthu."

Apo Noah anakuwa kuti taonani, akubisa msuweni wake. Gulu lonse linavomereza. Bambo a Neusa anaima pakhomo atatambasula manja, kuopa kuti anthu alowa m'nyumba.

Neusa anatenga kathumba kakuda kamene anati kamatsekereza foni kuti isalandire kapena kutumiza chilichonse. Anapempha a Bernardete kuti aikemo okha ndi dzanja lawo. Anawauza iwo ndi Noah kuti apite naye kupostu ya apolisi, akaone kathumbako kakumatidwa, asainire. Anapita akutukwana njira yonse, koma anasainira. M'mawa mwake Neusa anakwera mota, njinga yamoto, n'kunyamuka nako kupita ku Tete.

Tsiku lomwelo Goodwell sanapezeke pabenchi yake. M'chipinda chake ndinapeza chikwama palibe. Sanatsanzike kwa ine azakhali ake, amene ndinamusunga ngati wobala ndekha. Anyamata a pamsika anathyola benchi ija n'kugawana matabwa.

Achimwene, mukanakhala ine mukanaganiza chiyani? Munthu wosalakwa amathawa?

Masiku otsatirawo anali owawa. Pamaliro a a José, amayi anzanga anandisiya ndekha pamphasa. Bambo a Neusa anapita kukathandiza kukumba manda, anthu n'kuwalanda khasu kuti apume, pomwe anali asanatope.

Kenaka Neusa anaimba foni. Anati wauza akuluakulu ake kuti pankhaniyi patchulidwa msuweni wake, ndipo malamulo a ntchito yawo salola kuti munthu afufuze mlandu wokhudza m'bale wake. Foni ija anaipereka kwa mayi wina dzina lake Inês, amene setifikadu anali nayo kale.

Anthu atamva anati mwaona, wathawa mlandu. Ine ndinakayika mwa njira ina. Ndinaganiza kuti waonamo china choipa chokhudza Goodwell, ndipo wasamba m'manja kuti amangidwe ndi wina. Ndinamufunsa mosazungulira. Anati sakudziwa kanthu, ndipo ngakhale akanadziwa sakanandiuza. Ndinadula foni osatsanzika.

Nthawi imeneyo n'kuti akulemba mayeso otsiriza aja. Pambuyo pake ndinamva kuti gawo lina analephera. Chobisikacho anachipeza, koma anaiwala kulemba sitepe imodzi ya mmene anachipezera, ndipo oyesa anati chimene sungasonyeze njira yake sunachipeze. Anamulola kubwereza kamodzi kokha. Zonsezi ankasenza yekha, kuno amayi ake osamuimbira.

Milungu inapita. A Bernardete anaonda mpaka kapulana kumazungulira kawiri. Ankakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu, ndipo ine ndikatuluka ankalowa m'nyumba.

Tsiku lina la msika kunafika galimoto ya apolisi a ku Tete. Tonse tinaganiza kuti abwera kudzafuna Goodwell. Galimotoyo inadutsa pakhomo pathu osaima, n'kukaima pasikelo ya a Adelino. Anawatenga akuyeza soya wa anthu.

Mayi Inês aja anadzutsa mauthenga a m'foni ya a Bernardete. Anachokera kunambala imene palibe ankaidziwa kuno, ya foni yachiwiri ya a Adelino. Ankalonjeza Shyreen ntchito ya m'sitolo ku Tete, n'kumulangiza kuti azifufuta akawerenga, asauze amayi ake mpaka atayamba ntchito. Munthu yemweyo amene anabwereketsa lole kuti tikafunefune!

Shyreen anapezeka ku Moatize, m'nyumba ina yotsekedwa, pamodzi ndi atsikana ena awiri ochokera kumidzi ina. Akuti ankadikira kutengedwa kupita kutali. Wabwerera wamoyo, tithokoze Mulungu. Koma salankhula kwambiri, ndipo kuchigayo sapitanso yekha.

Mwina mukuti ndiye nkhani yatha, Goodwell wayera. Ayi, achimwene. Apa ndi pamene pali chifukwa cha kalatayi.

A Adelino akukana mlandu. Akuti foni yachiwiriyo inkakhala m'manja mwa Goodwell, ndipo mauthengawo analemba ndi iye. Akuti umboni wake ndi wakuti mnyamatayo anathawa.

Sabata yatha anandiitana ku Chifunde, monga amene ndinkasunga Goodwell. Ndinakumana ndi mayi Inês, munthu wamfupi wovala magalasi, wolankhula Chinyanja chovutikira. Ndinalowa ndikudikira kuti andifunse mayina a anthu. Anandipatsa mpando ndi madzi akumwa.

Anandiuza zimene analoledwa kunena. Anati foni imakumbukira kumene inali potumiza uthenga. Mauthenga ambiri anatumizidwa foniyo ili mu mzinda wa Tete ndi m'njira yopita kumeneko, masiku amene Goodwell anali pabenchi yake kuno, anthu akumuona. Pamenepo bodza la a Adelino lagwidwa.

Koma anatinso foni yomweyo inafufutidwa yonse tsiku lotsatira chisowereni Shyreen, ndipo inafufutidwa ndi kompyuta ya Goodwell, imene apolisi anaipeza m'chipinda chake. Anati, "Mayi, makina atiuza kuti anafufuta ndi liti. Sangatiuze chimene mwana wanu anaona asanafufute, kapena chimene anauzidwa. Zimenezo zili pakamwa pake."

Ndabwerera nazo kunyumba ndikuzitembenuza. Mwina a Adelino anangomupatsa foni kuti ayeretse, iye n'kuchita ntchito yake osadziwa kanthu, kenaka n'kuchita mantha anthu atayamba kumuloza. Mwina anaona chithunzi cha Shyreen, n'kuopsezedwa. Mwinanso anadziwa, n'kukhala chete pamene mayi wa mwana ankagwada pakhomo pathu. Sindikudziwa. Sindikulemberani kuti mwana wanu ndi woyera ngati ufa, chifukwa ine ndemwe ndikumukayikira.

Inu mwakhala naye miyezi iwiri. Mwina wakuuzani. Ngati sanakuuzeni, mukhazikeni pansi mumufunse monga bambo ake.

Chimene ndikudziwa ndi ichi: mlandu ulowa pabwalo tikamaliza kukolola. Goodwell akapanda kubwera, a Adelino adzaunjika zonse pamutu pa munthu amene palibe. Mwina adzapepukidwa, n'kubwerera pasikelo yawo. Atsikana aja adzamuona akudutsa ndi lole. Ndipo mwana wanu adzakhala wothawa moyo wake wonse, osapondanso kuno.

Za Neusa, anabwereza gawo lija ndipo anakhoza. Anabwera ndi setifikadu yake Lamlungu lapitali. Ndi pepala limodzi lokha, la dzina lake ndi chidindo. Akuti analumbira kuti adzanena zimene wapeza basi, kaya zikomera boma kaya zikomera woimbidwa mlandu, ndipo pakapita zaka zingapo adzayesedwanso. Bambo ake anawerenga kawiri, n'kupukuta manja asanabwezere.

Musaganize kuti mudzi wamuvinira. Ena ayambanso kutulutsa mafoni pamaso panga, ena ayi. Noah anabwera yekha atasenza matabwa atatu a benchi ya Goodwell, n'kuwatsamiritsa pankhokwe. A Generosa anabwera kudzapempha moto, pomwe kwawo utsi unkafuka.

Koma a Bernardete sanamukhululukire Neusa. Potuluka m'tchalitchi Neusa anawapatsa moni. Iwo anati, "Milungu yonse ija mwana wanga anali m'manja mwa zilombo, iwe ukusunga malamulo."

Titafika kunyumba ndinamupeza Neusa kuseri akulira. Anati amayi, ndikanatsegula tsiku lija mwina akanapezeka msanga, mwinanso ndikanafafaniza nambala ija osapezekanso konse. Anati funso limeneli palibe mayeso amene anamuphunzitsa kuliyankha.

Ndinakhala naye pansi pamenepo. Sindinganene kuti a Bernardete akulakwa, poti nanenso ndine mayi. Koma munthu wotumidwa kudzalemba mayina salira chotero. Ndinamupepesa chifukwa chomudulira foni.

Ndinamufunsa ngati angalonjeze kuti Goodwell akabwera sadzamangidwa. Anati sangalonjeze, nkhaniyo sili m'manja mwake, ndipo saloledwa ngakhale kukamuchingamira. Anangoti munthu wobwera yekha kudzanena zoona amamvedwa mosiyana ndi wogwidwa akubisala. Anatinso boma limapereka womuimira pamlandu kwa amene alibe, ndipo asayankhe mafunso womuimirayo asanafike.

Ndiye pempho langa ndi ili, achimwene. Mubwezeni Goodwell. Inenso sindikulonjeza kuti sadzagona m'chitokosi. Ngati anaona n'kukhala chete, ayenera kukanena zimenezo pamaso pa a Bernardete, ndipo zidzamuwawa. Koma sadzalowa m'bwalomo yekha. Ine ndidzakhala kumbuyo kwake, kaya alankhula zotichititsa manyazi kaya zotimasula.

A Jester akabwera ulendo wotsatira, adutsa ku Katete Lachisanu. Avomera kumutenga. Ine ndidzakwera mota m'mawa kukadikira pa Cassacatiza.

Ndikanakonda mubwere naye. Chithawireni nkhondo simunapondenso dothi la kuno, ndipo nyumba ino ili ndi malo anu. Koma ngati miyendo ikakana kuwoloka, sindidzakudandaulani. Mufikitseni pachipata, mumugwire dzanja mpaka pamzere. Tsidya lino adzapeza dzanja langa.

Akapanda kutsika m'lolemo, ndidzabwerera kunyumba, ndipo mayi Inês akadzandifunsa kumene ali, sindidzawanamiza. Ndakuuziranitu kuti musadzati mlongo wanga anandipereka mobisa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Joaquina, muwauze kuti mwana wawo kuno tinkamukonda ndipo tikumukondabe. Moni kwa mwana wanu Anabela ndi ana ake. Bambo a Neusa akupereka moni. Neusa wati ndikuuzeni kuti malume ake akadali inu, kaya muyankha foni kaya ayi.

Kwa Goodwell, mumuuze kuti azakhali ake akumudikira Lachisanu.

Ambuye akusungeni ndipo akupatseni mtima wolimba posankha.

Ndine mlongo wanu,

Albina